Pikapu ya Mpingo ndi Mlandu wa Ada Longwe

Amene anaona nkhaniyi ndi maso awo ndi awa: Abusa Kamanga, amene ankaweta mpingo wathu kuno ku Chintheche, Ada Manda, mlembi wa bwalo la akulu a mpingo, Ada Longwe, dalaivala, ndi ine Mphande, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wopuma. Ndawatchula mayina kuti inu amene mwayamba kale kutsinana mukawafunse nokha. Ine ndinaphunzira sukulu ya mishoni, kumene bodza limodzi linkadyetsa munthu zikoti zisanu ndi chimodzi. Sindinanamepo ndili mwana, ndipo sindingayambe lero ndili ndi imvi. Khalani bwino, chotsani manja m'matumba, mumve.

Mpingo wathu unali ndi pikapu ya dizilo, yakale kwambiri moti apolisi apamsewu ankaivulira chipewa ngati agogo awo. Ndiyo inkanyamula odwala, maliro, kwaya ndi chinangwa cha Abusa. M'zaka zoyamba za matipate, pikapuyo inangofooka mwadzidzidzi. Kulira inkalira ndithu, koma mphamvu panalibe. Tsiku lina tikukwera kachitunda ka pamsewu wopita ku Kande, mayi wina wosenza chinangwa anatipitirira wapansi, anakafika kwawo, anasenda chinangwacho, anachiviika, chinafewa, anachiyanika, anachisinja, ndipo pobwerera kumsika ndi ufa wa kondowole pamutu anatipeza tidakali pakati pa chitundacho, natipatsa moni wachiwiri ndi kufunsa ngati kunyumba tinasiya bwino. Mukumva? Utsi wake unali wakuda bii, moti nkhuku zinkalowa m'khola dzuwa lili paliwombo, ndipo amayi a mpingo amene anakwera atavala zoyera anatsika ngati ogulitsa makala.

Ada Manda ndiwo anayamba kunena kuti Longwe akugulitsa dizilo kuchigayo n'kumathira parafini m'thanki. Mawu anayenda, bwalo linaitanidwa la Loweruka, ndipo chigamulo chinali chitapsa kale m'mitima: Longwe alandidwe makiyi, aimitsidwenso Mgonero. Munthu amene anayendetsa galimoto imeneyo kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Pomuuza za mlanduwo anangondiyang'ana ine, kenaka n'kuyang'ana pansi. Kuyang'anako ndinakuona, koma ndinati ndi ulemu chabe.

Chimene chinandisowetsa mtendere chinali funso. Munthu akafooka timati njala kapena malungo. Nanga mphamvu ya chitsulo imapita kuti? Amakaniko atatu anali atayesa kale. Wina anasintha sefa ya dizilo, wina anamenya injini ndi hamala, wachitatu anati galimotoyo yalodzedwa. Onse ankagwira uku ndi uku ngati nkhuku pa mpunga, popanda dongosolo, ndipo ine chinthu chopanda dongosolo chimandidwalitsa mutu.

Lachisanu m'mawa ndinavala tayi, ndinauza Longwe kuti aimike pikapu pansi pa mtengo wa mango pabwalo la tchalitchi, ndinayala mphasa, ndi kundandalika masipanala kuyambira kakang'ono mpaka lalikulu. Ndiye ndinayamba kuifunsa injiniyo monga ndinkafunsira ana m'kalasi: funso limodzi, yankho limodzi.

Funso loyamba linali la dizilo. Ndinaviika chala m'thanki n'kulawa, ndipo lilime langali, limene linkazindikira inki ya mwana wokopera mayeso, linandiuza pomwepo kuti parafini mulibe ngakhale dontho, kuti dizilo ameneyu anabwera pa thanki yamatayala khumi ndi asanu ndi atatu, kuti woyendetsa wake anali ndi chimfine, ndiponso kuti anadya nsomba ya batala panjira osasamba m'manja. Mukumva inu a kumbuyoko?

Funso lachiwiri linali la mawu. Longwe analiza injini, ine ndinaika khutu pa boneti ndi kuitana mapisitoni onse anayi monga kuitana mayina m'mawa, ndipo onse anavomera kuti alipo, ngakhale pisitoni lachitatu linayankha mwaulesi ngati mwana wa msodzi amene wagona mochedwa. Koma pansi pa phokosolo ndinamva kena kake kakulira chapatali, fyii, fyii, ngati nkhalamba ya mphumu ikukwera phiri.  Ndinati kodi ameneyu ndani?

Funso lachitatu linali la utsi. Ndinazungulira kumbuyo, ndinatapa utsiwo ndi manja awiri, ndinaufinya ngati chinangwa chonyowa, ndipo munatuluka dizilo wodzaza kapu, wosapsa n'komwe. Ndinakumbukira nyali yagalasi ya ku mishoni: ukatseka timabowo take tapansi, mafuta alimo ndithu, koma moto umafiira n'kumangotulutsa mwaye. Ndinauza Ada Manda, amene anali ataima poteropo atapinda manja, kuti munthu wakuba dizilo sasiya wochuluka chonchi mu utsi. Galimotoyi ikudya bwino, koma sikupuma.

Ndinapita pa chibokosi chimene mumakhala sefa ya mpweya, chimene amakaniko onse atatu sanachikhudze chifukwa chinkaoneka chaukhondo kunja. Chivindikiro chinakana. Ndinakunga mwendo pa tayala ndi kukoka mpaka matayala akutsogolo anachoka pansi, mango osapsa anayoyoka, belu la tchalitchi linalira lokha, ndipo chitatseguka munatuluka fungo limene mwana aliyense wa kunyanja kuno amalidziwa. Nkhungu. Kwa inu alendo ogwira ntchito m'malo ogona alendowa, nkhungu ndi tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi ngati utsi wa moto wolusa, ndipo tikafika kumtunda amayi amatikola ndi malichero onyowa n'kuumba timikate ta ndiwo. Tsono izi zinadzaza m'chibokosimo, injini n'kumazipanikiza ndi kuziwotcha tsiku ndi tsiku mpaka zinasanduka mkate umodzi wolimba.

Ndinayamba kusolola mkatewo nthawi ya kadzutsa, ndinasolola, ndinasolola, unadutsa mphasa, unadutsa chitsime, unapitirira kutalika kwa bwato, amuna asanu ndi atatu anaunyamula paphewa ngati mtanda wa denga, ndipo pamene nsonga yake inatuluka, ana asukulu anali akuweruka. Kwaya yonse inadya sabata ziwiri, ndipo chidutswa chimene tinatumiza kwa abale a ku Limphasa anadyera mpunga mpaka kukolola kwina. Sefa yeniyeniyo ndinaipeza pakatikati ngati nthangala ya mango. Ndinaigogoda pa tayala, ndinaiuzira ndi pakamwa kamodzi kokha, ndipo zipewa za anthu zinauluka kumsika.

Nditabwezera zonse m'malo mwake, Longwe anatembenuza kiyi. Injini inakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi, inameza masamba a mango, inatsala pang'ono kumeza ndi tayi yanga yomwe. Tinanyamuka kukaiyesa. Kachitunda kaja sitinakaone n'komwe, tinafika ku Kande phokoso lathu lisanafike, chithunzithunzi cha galimoto chinatipeza pambuyo chili wefuwefu, ndipo pobwerera tinapeza Ada Manda asanamalize mawu amene anayamba tikunyamuka. Ukuseka chiyani iwe? Pita ukawafunse.

Loweruka bwalo linakhala. Ndinaika chidutswa cha mkate uja patebulo ndi kufotokoza zonse mwa dongosolo lake, kuyambira lilime mpaka sefa. Akulu onse anagwedeza mitu. Koma Abusa Kamanga anali munthu wofatsa wokonda kufunsa, ndipo anatembenuza chidutswacho m'manja nati, "Ada Mphande, mwagwira ntchito. Koma nkhungu zimabwera chaka ndi chaka, magalimoto ena osafooka. Izi zinalowa bwanji zochuluka chonchi? Ada Longwe, tatiuzani."

Longwe anaimirira, chipewa chili m'manja. "Abusa, pano pali akuluakulu. Ine ndimangoyendetsa kumene ndauzidwa."

Anandiyang'ananso monga tsiku lija. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira, ndipo popeza ndinakuuzani kuti sindinama, ndinaimirira n'kuulula izi pamaso pa bwalo.

Masabata atatu m'mbuyomo nkhungu zinatera pabwalo la tchalitchi tikutuluka m'mapemphero a pakati pa sabata. Amayi anabalalika ndi malichero, uyu uku, uyu uko, kuwombana, kukuwa, mipango kugwa, pakhomo penipeni pa nyumba ya Mulungu. Ine sindikanatha kupirira chisokonezo chotero. Ndinawakweza onse pa pikapu, mizere iwiri, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, aliyense lichero lonyowa m'mwamba, ndipo ndinalamula Longwe kuti adutse pakati pa mtambo wa nkhunguwo pa giya yoyamba, kupita ndi kubwera, kasanu ndi kawiri. Zinakoledwa bwino kwambiri, ndipo palibe anaponda mnzake. Longwe anandinong'oneza kuti, "Ada, galimoto ipuma zimenezi." Ine ndinamuyankha pamaso pa amayi onse kuti chitsulo sichipuma, ayendetse.

Nditamaliza kuulula, Ada Manda anatsokomola. Kenaka bwalo linagamula motere: Ada Longwe alibe mlandu, makiyi akhale nawo, ndipo Mgonero adye pamodzi ndi anzawo. Ada Manda apepese pamaso pa bwalo chifukwa cha mawu a parafini. Ada Mphande athokozedwe pochiza galimoto, koma asadzailamulenso kopita, ndipo nthawi zonse nkhungu zikatera, iwo ndiwo azitsegula chibokosi ndi kugogoda sefa ndi manja awo.

Ada Longwe anavomera, nawomba m'manja mwaulemu. Ada Manda anavomera, ngakhale kupepesa kwawo kunamveka ndi a pafupi okha. Inenso ndinavomera, nditayamba ndapempha kuti m'buku la bwalo mawu othokoza alembedwe pamwamba, enawo pansi, pakuti ndilo dongosolo lake. Abusa analola.