Zithunzi khumi ndi zisanu zimene monita yanu imameza

Kwa Bwana Mkulu,
Kampani ya Diso la Mawa,
Opanga mamonita otsika mtengo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndikudziwa kuti munthu wa udindo ngati wanu sasowa zochita, choncho mundikhululukire pokutayitsani nthawi ndi monita imodzi yokha ya kompyuta mwa zikwizikwi zimene mumatulutsa. Ine ndine woyeza masikelo. Ndimayenda m'mashopu ndi chikwama cha miyala yoyezera, kuona ngati kilogalamu ya wogulitsa ilidi kilogalamu. Sindipsa mtima msanga, ndipo sindikhulupirira chinthu ndisanachiyeze.

M'nyumba mwanga muli mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga. Anabwera ndi kachikwama kamodzi, akuti angokhala pang'ono mpaka apeze pogwira. Lero sofa ya pabalaza ili ndi dzenje lofanana ndi msinkhu wake, tebulo limene ndinkawerengerapo mabuku ladzaza mawaya, ndipo alendo timawalandirira kukhitchini. Ntchito yake ndi masewera owomberana a pakompyuta. Musaseke, bwana. Kuli timu ina kumzinda wakutali imene inamulonjeza malo pamodzi ndi chipinda chogona, bola akwere kufika pagulu la akatswiri. Nditangomva za chipinda chogonacho, ndinasanduka wochemerera wake wamkulu.

Iye ankati chomulepheretsa ndi mahezi. Ndinakawerenga, ndipo ndinapeza kuti sankanama kwenikweni. Monita imasintha chithunzi kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mahezi ndi chiwerengero cha kusinthako. Yathu yakale inkasintha ka 60. Anzake ali ndi zosintha ka 144, moti iwo akamamuwombera iye amakhala akuonerabe mbiri yakale. Ya 144 sindikanaikwanitsa. Kenako ndinaona katoni yanu m'shopu, yolembedwa 75 ndi manambala aakulu ngati chikhatho changa, ndipo ndinainyamula.

Ndiloleni tsopano ndikuthokozeni mwandondomeko.

1. Zikomo chifukwa cha chingwe chimene munaika m'katonimo. Titalumikiza, monita inaonetsa 60, ndendende ngati yakale ija. Ndinaimba nambala yanu yothandiza makasitomala. Mayi woyankha, waulemu kwambiri, anandilangiza kuzimitsa ndi kuyatsanso. Nditatero kachitatu anandiululira kuti chingwe cha m'katonicho chimanyamula 60 basi, ndipo chonyamula 75 chimagulidwa pachokha. Ndagwirapo ogulitsa ochenjera ambiri, koma wogulitsa sikelo n'kusunga muvi wake kunyumba ndinali ndisanamuonepo. Mwawasiya kutali.

2. Zikomo chifukwa cha mdima. Titapeza chingwe chatsopano n'kusankha 75, monita inada bii, n'kutsala kabokosi koyandama kotiuza kuti zimene tapemphazo zapitirira mphamvu zake. Mlamu, pochita mantha, anadina mabatani mwachisawawa n'kutsimikiza mdimawo. Kabuku kanu ka malangizo kamati zikatero munthu adine mawu akuti "bwererani" amene aoneke pamonitapo. Amene analemba chiganizo chimenechi mumukweze paudindo. Tinakabwereka wailesi ya kanema kwa aneba kuti tionerepo pobweza nambala yakale, ndipo iwo anabwera nayo limodzi n'kukhala pampando kudikira, poopa kuti nayonso tiithimitsa.

3. Zikomo potiphunzitsa kudekha. Mlamu anapeza pulogalamu yokwezera mahezi pang'onopang'ono, 61, 62, 63, ngati munthu wonyengerera mbuzi kuti ikwere galimoto. Monita itayamba kutentha, anatenga fani ya kuchipinda kwathu n'kuilozetsa kumbuyo kwake. Ine ndi mkazi wanga tinkagona thukuta lili kamukamu, monita yanu ikupuma kamphepo. Pa 70 nkhope za anthu zinasanduka zobiriwira. Pa 72 zinabwerera mwakale popanda chifukwa chimene sayansi ingafotokoze. Tsiku lina masana, pakona ya monita panatuluka nambala ija: 75.

Bwana, mukanamuona mnyamatayo. Anati tsopano akuona chipolopolo chisanatuluke mumfuti. Anayamba kupambana. Anapambana m'mawa, anapambana madzulo, mpaka a timu ija anamuimbira foni kumuuza kuti watsala pang'ono. Anachapa zovala zake yekha, n'kuzipinda, n'kuziika m'kachikwama kaja. Mkazi wanga anayamba kuimba nyimbo potsuka mbale. Ine ndinakafunsa kalipentala ngati dzenje la pasofa lingakonzeke.

4. Apa ndiye pagona nkhani, ndipo zikomo yake ndi yaikulu. Ndinawerenga kuti mamonita ena amavomera nambala pakamwa pokha. Pali njira yoyezera: timabokosi timayaka motsatizana pamzere, ndiye umajambula ndi kamera yochedwa kutseka. Monita ikamaonetsa zithunzi zonse, mzere umatuluka wathunthu. Wanga unatuluka ndi mipata ngati mano a mwana amene wayamba kugulula. Ndinabwereza, poti kuyeza kamodzi si kuyeza. Mipata inali pomwepo. Monita yanu imalandira zithunzi 75 mwaulemu wonse, imaonetsa 60, ndipo khumi ndi zisanu imameza osatafuna.

Umboniwo ndinauika patebulo tikudya, chifukwa ndinkaona kuti ndi nkhani yosangalatsa. Mlamu anauyang'ana nthawi yaitali, supuni ili m'mwamba, kenako anati: "Ndiye kuti, alamu, anthu amene amandiwombera aja amabisala m'zithunzi zosowazo."

Ndinamufotokozera modekha kuti umboniwu ukumuyamikira. Ngati wakhala akupambana ndi 60, ndiye kuti luso ndi lake, osati la monita. Anandiyankha kuti ine ndimadziwa za shuga ndi mchere, za nkhondo ndizisiye. Kuyambira tsiku limenelo sanapambanenso. Akangolowa m'masewera amasuzumira m'mphepete mwa monita kufunafuna adani amene mwamubisira. A timu ija anasiya kuimba. Zovala zatulukanso m'kachikwama, ndipo zina zapachikidwa pashelefu ya mabuku anga.

Mkazi wanga anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi bambo, anakutumani ndani kuti mukayeze?" Masiku ano akafuna kundiuza kanthu amatuma mlongo wake, ndipo uthengawo umafika wosakwanira, poti mnyamatayo amakhala atavala zomvera m'makutu.

Musaganize kuti ndikufuna mundibwezere zithunzizo. Ndikukhulupirira kuti mukuzisunga bwino kwinakwake, ndipo nyumba yanga ilibe malo oti n'kuziikamo, popeza malo onse ali ndi mwini wake kale. Sindikupemphanso kuti mukonze monitayi. Ndaiyeza, ndikudziwa polekezera pake, ndipo ndikuilemekeza.

Pempho langa ndi laling'ono. Munditumizire munthu wanu mmodzi, wovala ovolosi yokhala ndi chizindikiro cha kampani, wa nkhope yosaseka. Afike masana mlamu alipo, atsegule kumbuyo kwa monita, agogodegogode, apukuse mutu, kenako achititse kuti pakona paja pazioneka 144. Zithunzi zikhale 60 zomwezo, palibe amene adzadandaule. Ngati mungathe kuwonjezera chomata chonyezimira chokhala ndi mphezi, mudzakhala mwatichitira zazikulu. Ine ndikulonjeza kuti tsiku limenelo ndidzapita kuntchito m'mamawa, kamera ndidzaisiya kwa aneba, ndipo pobwera ndidzagwira pakamwa modabwa monga aliyense.

Ndikudziwa kuti kupanga monita ya 144 n'kovuta ndipo kumafuna akatswiri. Koma ine ndikungopempha kuti muilembe nambalayo, ndipo pa ntchito yolemba manambala sindinaonepo kampani yokuposani. Chonde fulumirani, bwana, chifukwa dzulo ndinamumva mlamu akufunsa mlongo wake ngati khoma la pabalaza lingalole kukhomapo misomali.

Ndine wanu wodzichepetsa ndi wothokoza kosalekeza,

Woyeza masikelo