Maso a ba Saidi

Lolemba
Ntchito yapezeka! Chigulitsireni kampani yathu ndimangowerenga nkhuku pakhonde, koma lero atsikana awiri a ku yunivesite akuti ndine wofunika. Akufufuza ngati munthu amatsata gulu ngakhale gululo likunama. Tikhala asanu pabenchi, kenako alowetsa mlendo wosadziwa kanthu. Ationetsa mizere iwiri papepala, ife tiziti waufupi ndiye wautali. Malamulo:
osaseka,
osatsinzinira,
osauza munthu mpaka Loweruka.
Ndasaina, pang'onopang'ono. Ine wophunzira zilembo imvi zitamera kale, kuthandiza yunivesite!

Lachiwiri
Ndikuyeserera bodza pagalasi. Nkhope ikukana. Akazi anga: "Dzino lija layambanso?"

Lachitatu
Mayo ine! Mlendo uja ndi ba Saidi, telala wa pamsika, mnzanga wakalekale. Munthu woyeza nsalu ndi diso lokha! Atsikana akuti ndiyambe ine kuyankha poti ndine wamkulu. Ndikuloza waufupi. Anzanga anayi chimodzimodzi. Ba Saidi akundiyang'ana nthawi yaitali, akuloza waufupi nawonso. Kasanu konse! Atsikana akulemba mokondwa.

Lachinayi
Mmodzi wa ife pakamwa mpobooka. Komboni yathu yonse ya Kalingalinga yamva, koma yamva theka: telala sasiyanitsa chachitali ndi chachifupi. Zoti tinachita kupangana, izo sizinafike. Zochotsedwa kale kwa ba Saidi:
nsalu za akwaya,
mayunifomu atatu,
diresi ya ukwati!
"Tizagula chabe salaula," akutero mayi wina. Salaula, kaunjika wa zovala zakale uja, inamudya kale mnzangayo, ine ndikungomalizitsa.

Lachisanu
Ndikupempha atsikana tiulule lero. "Mawa, ba shikulu, lero muzaononga vonse," akutero, kunditchula agogo. Ndadutsa pamsika katatu. Makina osokera a ba Saidi ali zii. Ndasiya buluku langa la kutchalitchi kuti alifupikitse, anthu aone kuti ine maso awo ndimawakhulupirira.

Loweruka
Tsiku loulula! Atsikana akupepesa, akufunsa ba Saidi chifukwa chimene anatsatira gulu. Iwo: "Gulu lake liti? Ine ndinaona bwinobwino. Ndinati mdalayu maso apita, ndisamuchititse manyazi pamaso pa ana." Atsikana akuyang'anana. Mmodzi akukhwatcha tsamba lonse, kenako akulongedza zikwama, ulendo. Anthu a pamsika palibe wawauza zoona. Ndikuyenda ndekha, thebulo ndi thebulo, kulengeza kuti wabodza ndine. Akwaya abweza nsalu. Diresi ya ukwati yapitiratu.

Lamlungu
Buluku latha. Mwendo wakumanzere wafika pakakolo, wakumanja walekera pamsongolo. Ndikudandaula, mwaulemu. Ba Saidi akuitana ogulitsa tomato anayi. Onse nkhope zouma: "Vilingana, ba shikulu." Ba Saidi akuti ndikabwere Lachiwiri, mwina maso anga adzakhala atachira. Ndiye kuti pakhomo pawo sanandithamangitse. Ndavala. Ndikupita kutchalitchi, mwendo umodzi ukumva mphepo.