Mfundo ya Mbuzi pa Tayi ya Ba Chishimba

Inu, sunthirani kuno, basiyi sibwera msanga. Mwawaona bambo adutsa apowo, a shati yopanda kolala, amene amayi ogulitsa chikanda akuwakuwiza kuti "Ba Lachiwiri"? Musawaone kuwerama choncho. Amenewo ndi Ba Chishimba, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi munthu sunkalowa m'tchalitchi chathu ku Kankoyo osadutsa m'manja mwawo.

Mpingo wathu ndi wa Chipata Chopapatiza, timapemphera Loweruka. Chipatacho chinali chopapatiza kale, koma Ba Chishimba, mlonda wa pakhomo, anachipana mpaka ngakhale nyerere inkalowa chammbali. Anali ndi ndodo yoyezera masiketi. Mayi wa duku loonetsa khutu, kunja! Bambo wopanda tayi, kunja! Pa Sabata osakoleza moto, osasoka, osadula kanthu, osamanga mfundo ngakhale kuimasula. Nsapato za zingwe tinazisiya tonse. Tayi unkamangiratu Lachisanu dzuwa lisanalowe, n'kuikoleka pamsomali, m'mawa n'kungoilowetsa m'mutu n'kukoka, chifukwa akuti kukoka si kumanga. Wolakwa ankakhala pabenchi pansi pa mtengo wa mango, kumamvera ulaliki kudzera pawindo. Ine ndinakhalapo miyezi itatu chifukwa choimba mluzu. Nyimbo yake ya m'buku, inu, koma mluzuwo ndiwo unali tchimo.

Tsono panali kachinsinsi kamene ankakadziwa ndi akazi awo okha, Bana Chomba (kwathu makolo timawaitana ndi dzina la mwana, ndiye amuna awowo ndi Bashi Chomba). Ba Chishimba kumanga tayi sankadziwa, ngakhale pang'ono. Tayi yawo anawamangira ndi malemu amene anayambitsa mpingo, tsiku lomwe ankawapatsa ndodo, ndipo chimangireni mfundoyo inali isanamasulidwepo. Inachita kuda bii, kumanyezimira ndi thukuta la zaka zonsezo.

Ndiye kunabwera kalata yochokera ku Kasama. Bishopu watsopano, amene palibe mmodzi wa ife anali atamuonapo, akubwera Sabata likudzali pa galimoto loyera kudzadzoza mkulu wa mpingo, ndipo dzina lolembedwa linali la Ba Chishimba. Tangoganizani! Kuchoka pakhomo pa dzuwa ndi fumbi, kukakhala kutsogolo pampando wa khushoni, makiyi a tchalitchi m'thumba. Munthu uja sabata yonse ankayenda ngati pansi akupaonera chisoni. Koma akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Lachisanu, dzuwa litangolowa kumene, anapita pamsomali kukaisuzumira tayi yawo. Anaipeza ili lende, yoyera, yosita bwino, yowongoka ngati lamba.

"Bana Chomba! Mwaitani tayi yanga?"

"Ndachapa, Bashi Chomba. Mumafuna bishopu akamakuikani manja fungo lizimubaya m'mphuno?"

"Nanga mfundo ili kuti?"

"Litsiro lonse linali mumfundomo. Ndachita kuiluma ndi mano kuti imasuke."

"Mwandipha, mayi inu! Dzuwa lalowa!"

"Likanapanda kulowa mukanamanga?"

Ba Chishimba anaibweza tayi pamsomali. Anangokhala pampando, atasowa chochita, chifukwa lamulo loti wopanda tayi asalowe analikhwimitsa ndi iwo omwe, ndipo chaka cham'mbuyo mwake anabweza nalo mkwati pa tsiku la ukwati wake.

Kutacha anatulukira nzeru. Munthu wa malamulo sasowa kabowo. Lamulo limati ngakhale mlendo amene ali mkati mwa zipata zako asagwire ntchito pa Sabata. "Mkati!" anatero, chala chili m'mwamba. "Za munthu amene ali kunja kwa mpanda wanga silinatchule." Ndipo kunja kwa mpandawo kunkakhala Ba Kalobwe, wogulitsa mbuzi, munthu wosapemphera amene Ba Chishimba ankamutcha nkhuni za ku Gehena. Vuto linali limodzi: kumupempha ndiye kumutuma ntchito, ndipo kutuma nakonso n'koletsedwa. Choncho anakoleka tayi m'khosi, n'kutulutsa mutu pamwamba pa mpanda.

"Mwadzuka bwanji, Ba Kalobwe mukwai?" anatero, mpaka kuwonjezera "mukwai", mawu athu aulemu aja.

"Eee, lero nkhuni zikupatsidwa moni?"

"Taonani tayi iyi mmene ikulendewera. Zomvetsa chisoni."

"Zomvetsadi chisoni," anatero Ba Kalobwe, n'kupitiriza kuponyera mbuzi masamba.

"Ikanakhala ndi mfundo bwenzi ikuoneka bwino kwambiri."

"Bwenzi ikuonekadi bwino."

Inu, munthu uja anawasiya khosi lili pampanda mpaka thukuta linayamba kuchucha. Kenako anapukuta m'manja. "Mukufuna ndikumangireni?"

"Ine sindinanene kanthu. Ndangotulutsa khosi kuti lipitidwe mphepo."

Ba Kalobwe anamanga. Koma munthu amamanga chimene amadziwa, ndipo iye pamoyo wake wonse ankadziwa mfundo imodzi yokha, ya mbuzi, ija yoti mbuzi ikakoka chingwe chimathina, ikakokanso chimathinanso, kubwerera m'mbuyo ayi. Ba Chishimba anadziyang'ana pagalasi, anaona kuti mfundoyo yapendekeka, koma anati bishopu adzayang'ana mtima.

Pofika nayini koloko anali ali pakhomo la tchalitchi, ndodo m'manja, pambali pawo Ba Nsofwa, mlembi wa mpingo, atakumbatira buku la malamulo. Tsiku limenelo anayeza mosaona nkhope, moti pansi pa mango tinadzaza kuposa m'kati. Ndiye kunatulukira njinga ya wogulitsa makala, kumbuyo kwake kutakhala kabambo kakafupi, shati ili mbuu ndi makala, manja ali noninoni ndi oilo, tayi kulibe. Kanatsika, kanathokoza wanjingayo, n'kulunjika pakhomo.

"Mtendere, abale. Ndine amene mukumudikira."

Ba Chishimba anapingasa ndodo. "Tikudikira bishopu ife."

"Ndi ineyo."

"Ha! Ba Nsofwa, mwamva? Mwezi watha kunabwera wina ankati ndi Eliya, anamwa munkoyo wonse wa kwaya n'kusowa ndi maikolofoni. Lero kwabwera bishopu wa makala! Kalata ikuti galimoto loyera. Lili kuti?"

"Lafera pa mphambano ya Sabina, paipi ya madzi yaphulika. Dalaivala akulikonza."

"Akulikonza? Pa Sabata? Ba Nsofwa, lembani! Chabwino, ngati ndinu bishopu tionetseni chizindikiro. Mkanjo, mphete, kaya chipewa."

"Zonse zili m'galimoto."

"Kwanu n'kuti?"

"Ndinabadwira konkuno ku Kankoyo, kuseri kwa msika. Bambo anga ankasoka nsapato."

Apo ndiye Ba Chishimba anaseka mpaka tayi inathina pang'ono. "Ku Kankoyo kungatuluke bishopu? Kuno kumene ngakhale tomato amakana kubereka ndi utsi wa kumgodi? Ndafufuza m'mabuku onse, palibe pamene analemba zimenezo."

Mlendoyo anawayang'ana pakhosi. "Ba mlonda, tayi yanuyo yamangidwa udyo. Ikupwetekani. Ndikukonzereni?"

"Pita kumbuyo kwanga, Satana! Kubenchi!"

Bamboyo sanakangane nawo. Anabwera n'kudzakhala pafupi ndi ine, n'kuyamba kutifunsa mmodzimmodzi chimene tinalakwa. Za mluzu wanga anaseka mpaka misozi. Koma atafika pa mayi wina wamasiye, amene anali atatha miyezi isanu ndi umodzi pabenchipo chifukwa chokoleza moto kuphikira phala mwana wodwala, kuseka kunatha. Anangoti, "Mwanayo anachira?" Mayiyo anati anachira. Bamboyo anagwedeza mutu, ndipo ine ndinachita manyazi ngati lamulolo ndinalemba ndine.

Posakhalitsa kunamveka kufuula: "Galimoto loyera!" Kwaya inayamba nyimbo, Ba Chishimba anathamangira kumsewu, kuwerama kamodzi, kawiri, katatu, dzanja lili pachifuwa litapana tayi. Kuwerama kulikonse mfundo inkalowa mkati. Galimoto lija linaima, munatuluka mutu: "Ba tata, njira ya kumsika ndi iti?" Linali la buledi. Anabwerera pakhomo nkhope itayamba kufiira, mawu akutuluka ngati a tambala wa chitopa, koma kumasula ayi, ndi Sabata.

Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba hutala. Galimoto lina loyera linakhotera pachipata, pii pii! Ba Chishimba anatembenuka mwaliwiro kuti akakhale oyamba kugwira chitseko chake. Tsono pafelemu ya khomo panali msomali umene ankakolekapo ndodo yoyezera ija. Mchira wa tayi unauluka n'kukodwa pomwepo. Miyendo inapita kutsogolo, khosi linatsala m'mbuyo, ndipo mfundo ya Ba Kalobwe inagwira ntchito imene inaphunzitsidwa. Munthu uja anakhala pansi osafika pansi, maso ali tong'o, lilime kunja, manja akupalasa mphepo.

Bana Chomba anakuwa: "Mayo! Amuna anga! Masulani!"

Ba Nsofwa anatsegula buku, kunyowetsa chala, kuyamba kuvundukula masamba. "Kumasula mfundo n'koletsedwa. Ndime khumi ndi zinayi."

"Dulani ndiye!"

"Ndime khumi ndi zisanu."

Wina m'kwaya anati, "Paja ng'ombe ikagwera m'chitsime pa Sabata amaitulutsa!"

"N'zoona," anatero Ba Nsofwa, "koma awa si ng'ombe, ndipo pano palibe chitsime."

Bana Chomba anawakankhira kumbali n'kuigwira mfundoyo ndi mano, koma ya mbuzi simva mano. Nkhope ya Ba Chishimba inali itasanduka ngati biringanya, ndipo kunena zoona tonse tinachita mantha, tinaona kuti maliro ayandikira. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa? Ine mwambi umenewo ndinauona ndi maso, wopanda kuumasulira. Kabambo ka makala kaja kanadumpha benchi, kanapisa m'thumba n'kutulutsa kalumo kamene kanadulira mphira pomanga paipi ya galimoto, n'kungoti tsee! Tayi pawiri. Ba Chishimba anagwa chagada, khuu, n'kukoka mpweya ngati pampu ya njinga.

Tonse tinawazungulira. Anatsegula diso limodzi, ndipo tinatchera khutu kuti timve mawu oyamba a munthu wobwerera kumanda.

"Wa... wadula ndani? Ba Nsofwa, mulembeni dzina."

Nthawi yomweyo dalaivala wa galimoto loyera uja anadutsa pakati pathu atanyamula chikwama ndi mkanjo wofiirira, n'kugwada pamaso pa kabambo ka makala. "Ba Bishopu mukwai, galimoto latheka. Zovala zanu izi."

Inu! Buku la Ba Nsofwa linagwa lokha. Ba Chishimba anatsekanso diso lija kuti mwina akomoke, koma kukomoka kunakana.

Bishopu sanakalipe. Anawadzutsa, kuwasasa fumbi, n'kutsegula chikwama. "Ba Chishimba, ndakuonongerani tayi, pepani. Nayi yanga yatsopano, ndakupatsani. Mwati wopanda tayi salowa, ndiye mangani tilowe ndikudzozeni. Kalata ili ndi dzina lanu."

Anailandira ndi manja awiri, yaitali, yosalala, yopanda mfundo. Anaiyang'ana kumutu, anaiyang'ana kumchira. Mpando wa khushoni unkaoneka kutsogolo ukasuzumira pakhomopo, mapazi khumi okha.

"Ba Bishopu, lero ndi Sabata. Kumanga n'koletsedwa."

"Ine monga bishopu ndakumasulirani lamulo limenelo. Mangani."

Anaikoleka m'khosi. Anadutsitsa uku, anabweza uku, inatuluka ngati chingwe cha thumba la makala. Anayambiranso, chala chinatsekeredwa mkati. Thukuta kamukamu. "Manjawa anazolowera kupuma pa Sabata, mukwai," anatero, "n'chifukwa chake akukana."

Apo Bana Chomba, amene mano anali akuwawabe, anapsa mtima. "Asakunamizeni, Ba Bishopu! Awa ngakhale Lachiwiri sangamange! Ya lero awamangira ndi Ba Kalobwe a mbuzi, khosi atatulutsira pampanda!"

Kuseka kumene kunabuka pamenepo, ngakhale mbalame zinathawa mumtengo wa mango. Dzina la "Ba Lachiwiri" linabadwira pomwepo. Mkwati amene anabwezedwa uja anachita kugubuduka pansi. Bishopu anadikira mpaka titatha, kenako anayankhula motsitsa.

"Ba Chishimba, mawu amene ndimanena popereka makiyi ndi akuti chimene umanga pansi pano chamangidwa kumwamba, chimene umasula chamasulidwa. Tsono inu kumanga simudziwa, kumasula mumaletsa. Makiyiwa mukachita nawo chiyani?"

Mapemphero tsiku limenelo anachitikira pansi pa mango, bishopu ali chivalire shati yake ya makala, ndipo woyamba kuitanidwa kutsogolo anali mayi wa phala uja. Makiyi bishopu anabwerera nawo ku Kasama, akuti adzawapereka Ba Chishimba akadzaphunzira chimodzi mwa ziwirizo. Papita zaka zitatu tsopano. Pakhomo Ba Chishimba akadalipo, koma ndodo ija Bana Chomba anaisandutsa mtengo wochirikizira chingwe choyanikira zovala. Ndimamva kuti madzulo ena amapita kwa Ba Kalobwe kukaphunzira mfundo, ndipo mbuzi ziwiri zathawa kale.