Kadontho ka Sekuru Simao

Pa komboni yathu, kuseri kwa tauni ya Concession, panali munthu mmodzi yekha woyenda ndi kadontho m'thumba: malemu Sekuru Simao, agogo a tonse pa komboni. Kadonthoko kanali njere imodzi ya chimanga, yogona m'kabokosi ka machesi. Anzawo ankasunga fodya wa m'mphuno, iwo njere.

Sukulu sanapite nayo patali, koma kwa zaka makumi atatu anali wosakaniza mankhwala opopera fodya pa pulazi, famu yaikulu, nthawi ya mzungu. Ukawafunsa za nambala ankanjuta, kusalaza dothi ndi chikhatho, kulemba ndi chala, n'kuika njereyo pakati.

"Kuchulukitsa ndi teni si ntchito," ankatero. "Manambala asiyeni agone, wosamuka ndi uyu. Teni, sitepe imodzi kumanja. Handiredi, masitepe awiri. Mpando ukatsala wopanda munthu, mukhazikapo ziro."

Vuto linali loti kadonthoko sikankapuma. Tsiku lina anawedza kansomba kudamu, pa sikelo ya m'shedi kanalemera makilo 0.4. Pofika Lamlungu kutchalitchi kanali makilo anayi.

"Bodza, Simao!" anatero a Joze, mnzawo wa paubwana. "Ndinakaona ine kameneko!"

"Ndauza anthu angati? Khumi. Ndiye kadontho kakhale pomwepo bwanji?"

A Joze anawachonderera kuti asauzenso wina, kuopa kuti nsombayo ingamwe damu lonse.

Ulendo wina akuwerengera feteleza wa a Joze, analemba 2.5 pansi n'kutembenuka kuti ayetsemule. Nkhuku ya amayi anga inangofika, jo! Njere yapita.

"Mai Wonder! Nkhuku yanu yameza kadontho! Makilo awiri ndi theka asanduka twente-faifi!"

Anaithamangitsa kuzungulira komboni kawiri, akulamula kuti imangidwe mpaka ibweze. Amayi anawapepesa ndi chimanga chathunthu. Iwo anakhala pansi kusankha mpaka dzuwa kupendeka, n'kutengapo njere imodzi. Zinazo akuti sizinkaoneka zodziwa masamu.

Ine Wonder ndinabwera chaka chatha kuchokera ku Joni, kumene ndinatsuka magalimoto zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinabwera ndi foni yosweka galasi ndi mtima woti kuno chilichonse n'chochedwa. Chikwama sindinamasule n'komwe. Amayi ndinawapeza akudalira dimba la matimati m'mbali mwa damu, chifukwa maganyu a m'mapuloti anali atasowa. Matimatiwo atayamba maluwa, tiakangaude tofiira tinalowamo, masamba n'kuyamba kuyezuka. Dimbalo likanafa, pakhomo pakanafa moto.

A Joze anatigawira mankhwala m'kachigubu. Pepala lake linati mamililita 1.5 pa lita imodzi ya madzi, ndipo dilamu lathu ndi la malita handiredi.

"Kaitane Sekuru," anatero amayi.

"Amayi, dziko linapita patsogolo. Sitifunsanso chimanga."

Ndinadina foni, inandipatsa 1500. Ndinayeza lita ndi theka m'jagi, ndikuimba kaluzi. Ndikuti ndithire, ndinamva kutsokomola kumbuyo.

"Mzukulu, ukupha tizilombo kapena ukuphika matimati?"

"Foni yanena, Sekuru."

"Foniyo inapoperapo munda?"

Ananjuta pomwepo pa mzere. Analemba wani, njere, faifi. Anaikweza njere ija ngati mkwatibwi, sitepe yoyamba kudumpha faifi, yachiwiri kudumpha mpando wopanda munthu, n'kujambulapo ziro. Pansi panatsala 150.

"Pamene pali kadontho pa foni yakopo ndi pamene pali mng'alu," anatero. "Chala chako chinagogoda, koma sikanatuluke. Wachulukitsa fifitini."

Amayi anandiyang'ana, n'kuyang'ana dothi, n'kundilanda jagi. Manyazi anandiumitsa mutu. Ndinasakaniza muyeso wangawo padera m'botolo, n'kupopera mitengo itatu ya kumapeto kuti aone. Pofika Lachitatu itatuyo inali itapserera ngati yadutsa moto. Dimba lonselo linaphukanso, ndipo matimati tinakolola mpaka amayi kutopa kukwera kombi ya kumsika. Sekuru sananditonze. Ankangoti akamadutsa pa zitsa zitatu zija n'kuvula chipewa.

"Mzere wa ku Joni," ankatero. "Uuse mumtendere."

Anatisiya mu Juni, m'nyengo yozizira, atadwala masiku anayi okha. Titachoka kumanda a Joze anandiitanira pambali n'kundipatira kabokosi kaja.

"Anati ndipatse iwe. Akuti foni yako ilibe."

Masiku ano pa komboni pali zii. Dothi la pakhomo pa shedi palibe wolisalaza, ndipo nsomba za kudamu zimakhala mmene zawedzedwera, tating'ono, Lamlungu ndi Lolemba chimodzimodzi. A Joze amati umenewu si moyo.

Za ku Joni ndimaziganizabe. Koma dzulo m'mawa matimati atsopano a amayi anafunanso mankhwala, ndipo amayi anangoima pambali pa dilamu, jagi ili m'manja. Foni ndinaisiya m'thumba. Ndinanjuta, kusalaza dothi, kutsegula kabokosi.

"Amayi," ndinatero, "yambani mwagwira nkhukuyo."