Wathira Mcherewu Ndani?

Lolemba

Kuchipatala. Mapazi atupa, patapata sakulowa. Adokotala, mnyamata wa magalasi, akundimanga lamba lopopa lija pamkono, akuyang'ana, akupukusa mutu. BP! Ine, munthu wopalasa njinga ndi dengu la milamba kuchokera kudambo mpaka ku Nchalo! Malamulo awo:

- piritsi m'mawa uliwonse
- mchere ayi
- ndibwerenso Lolemba likubwerali

Zophweka izi. Kunyumba ndikupeza mayi a Rute, mkazi wanga, ali pakhonde ndi achemwali anga, a Esinati. Ndikulengeza ngati mkulu wa mpingo: "Adokotala akuti mapaziwa atupa ndi mchere. Kuyambira lero musandithirirenso mchere m'ndiwo."

A Esinati akuyang'ana mapazi anga, kenako mlamu wawo. Akutsanzika tiyi osamaliza.

Lachiwiri

Therere lopanda mchere. Mayo ine, alipo anthu amadya zimenezi? Ndameza ngati kwinini. Mayi a Rute sakundiyankhula, mbale akuchita kuponya. Ndiye kuti akundimvera chisoni.

Pamsika anzanga ogulitsa nsomba akundipatsa moni wa pamaliro. Wina akundisisita paphewa, akuti ndilimbe mtima, akazi ndi choncho. Akazi atani?

Lachitatu

Ndamva tsopano, mutu waima. Tsempho! Paja akuti mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo, mwamuna wake amatupa. Ndiye ine, ndi pakamwa pangapa, pamaso pa mlongo wanga, ndinanena kuti ndatupa ndi mchere, mkazi wanga asandithirirenso!

Mudzi wonse wayamba kale kufufuza mwamunayo. Oganiziridwa:

- wa kuchigayo
- wakabaza wa chipewa chofiira uja
- wophunzitsa kwaya (msinkhu wa bambo anga, mano atatsala awiri!)

Ndikufuna kufotokoza, mayi a Rute akutseka chitseko cha kukhitchini. Madzulo a Esinati abwera ndi mankhwala a tsempho m'kabotolo. Ndalawa. Mchere wokhawokha.

Lachinayi

Milamba ndaisiya, ndabwerera kuchipatala. Adokotala akuseka mpaka kuvula magalasi. "Bambo, mchere ndi mchere, kaya wathira mkazi wanu kaya wathira bishopu." Ndikuwapempha abwere kumudzi adzanene mawu omwewo pagulu. Akuti taonani mzere panjapo. Akuti za tsempho kusukulu sanaphunzire. Zaka zonsezo ankaphunzira chiyani?

Potuluka, bambo wolemba mayina pakhomo, wa yunifolomu ya chipatala chomwecho, akundikokera pambali. Akuti mapiritsi ndizimwa ndithu, koma tsempho ndisachedwe nalo. Ngakhale kuno!

Lachisanu

Mayi a Rute apita kwa amayi awo ku Bangula. Atenga Rute, poto wamkulu, ndi chitini cha mchere. Chitini cha mchere! Asiya mawu kwa aneba akuti ndizikadya kwa adokotala angawo.

M'nyumba mwangoti zii. Ndikuwasowa, ndibisirenji. Mkazi amene sanayang'anepo mwamuna wina chikwatiranireni, ndamuyalutsa chifukwa cha therere.

Choipitsitsa, mapazi ayamba kuphwa. Ine ndikuti mapiritsi akugwira. A Esinati akuti: "Mwaona achimwene? Wangochoka basi, mwayamba kuchira."

Loweruka

Ku Bangula ndi ankhoswe. Dzuwa lochita kuwotcha m'mutu. Ndikufotokoza za BP, za mtima wopopa magazi, za mitsempha, zonse monga ndinazimvera. Apongozi akundidula, akukana m'Chisena: "Nkhabe!" Akuti mchere m'dziko muno timadya tonse, nanga mwatupa nokha bwanji? Kapena mukuneneza mwana wanga, kapena simukumuneneza, sankhani.

Chigamulo: mayi a Rute aphike, athire mchere ndi dzanja lawo pamaso pa onse, ine ndidye. Ndikapanda kutupa, nkhani yatha.

Aphika mlamba wouma. Akuthira, maso ali pa ine. Akuthiranso. Ndikutsokomola kuti amve, akuwonjezera. Ndadya zonse, msuzi ndachita kumwa. Kukoma kwake, ndinatsala pang'ono kulira.

Lamulungu

Tabwerera limodzi, chitini chili pamalo pake. Mapazi atupa kuposa Lolemba. Adokotala sananame ayi, koma a Esinati akangowaona mapaziwa, banja langa latha.

Kutchalitchi ndapita nditavala magambutsi. Kutentha kwa Chikwawa kuno, ine mu suti ndi magambutsi! Aliyense wofunsa ndikumuuza kuti ndadzera kudimba.

Kunyumba mayi a Rute atseka chitseko, andivula okha. Akuyang'anitsitsa mapazi. Kenako abweretsa piritsi ndi madzi.

"Imwani, bambo a Rute. Tikakhala tokha ndizingogwedeza chitini, aneba azimva. Pakabwera mlendo ndithira, ndipo mudya."

Basi, ndavomera. Therere lija labwereranso, magambutsi sachoka mpaka mapazi aphwe. Mawa adokotala akafunsa ngati ndasiya mchere, ndikangotambasula mkono, lamba lawo likayankhe lokha.

A Esinati atumiza uthenga akuti madzulo ano adzadya kuno.