Tayi Yanga Inathera pa Makina a Che Jafali

Anthu akandifunsa chifukwa chake ndinasiya kuvala tayi, ndimanamizira kutentha kwa Lilongwe. Limenelo ndi bodza. Tayi ndinali nayo imodzi yokha, yofiira, ndipo mmene inathera sindinauzepo ngakhale mkazi wanga.

Ine ndimagulitsa machaja a foni pakathebulo, pakhonde la shopu ya Che Jafali ku Old Town. Che Jafali ndi telala, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula, ndipo khondelo anandipatsa ulere. Lachisanu lililonse masana akamapita ku mzikiti ankandisiyira shopu yosatseka, n'kungoti, "Mundiyang'anireko, achimwene."

Tsiku lina ndili m'minibasi ndinamva pa wailesi kuti banki ina ikupereka bonasi kwa aliyense wotsegula akaunti ya bizinesi. Kungotsegula basi, iwo n'kukuponyeramo kangachepe. Mtima wanga unadumpha. M'mawa mwake ndinali ku City Centre, tayi ili pakhosi. Fomu yawo inkafuna bizinesi ya malo okhazikika, pamene kathebulo kanga kamasuntha motsatira mthunzi. Ndiye ndinalemba kuti ndine telala, malo n'kulembapo shopu ya Che Jafali. (Musandiweruze msanga. Cholembera chinangoyenda chokha.)

Mayi wa pa desiki, wovala jekete labuluu, anamwetulira. "Zonse zili bwino, bambo. Kwangotsala kuti ndibwere ndidzaone malowo. Ndibwere liti?"

Apa munthu wanzeru akanapempha kukataya madzi n'kusabwereranso. Ine ndinati, "Lachisanu 12 koloko, madamu. Nthawi imeneyo simungandisowe."

Lachisanu litakwana, Che Jafali anavala kachisoti kawo koyera, nandisiyira shopu monga mwa masiku onse. Atangokhota pakona ndinakankhira kathebulo kuseri, ndinakoleka tepi yoyezera m'khosi pamwamba pa tayi, n'kukhala kumbuyo kwa makina. Nditadziona pagalasi, ndinayamba kudziopa ndekha.

Madamu anafika pa nthawi yake. Anajambula shopu ndi foni, n'kufunsa mafunso awiri atatu, koma ine pakamwa panatseguka ngati mpopi. Ndinawauza kuti azimayi a ku Area 10 savala chosasokedwa ndi ine. Ndinawauzanso, ndikusisita makina, kuti amenewa sanandivutepo ndi tsiku limodzi lomwe. Iwo analemba zonse, nati bonasi ilowa sabata yamawa.

Akutuluka, jekete lawo linakodwa pamsomali wa pachitseko, msoko wa m'mbali n'kung'ambika mpaka m'khwapa.

"Mayo ine! Ndiye 2 koloko ndikukumana ndi abwana ena ku Area 10 komweko!" Kenako nkhope inawala. "Koma mwayi wake! Ndang'ambikira kwa telala." Anavula jeketelo n'kundipatsa.

"Makinawa lero akuvutavuta, madamu."

"Si mwangonena kumene kuti sanakuvutenipo?"

"Ndimati… magetsi azima."

Anayang'ana makinawo, opalasa ndi mapazi, kenako n'kuyang'ana ine.

Zaka zonsezi ndinkaona Che Jafali akupalasa uku akumvera wailesi, ndiye ndinkayesa n'chimodzimodzi njinga. Nditapalasa koyamba, gudumu linabwerera m'mbuyo. Ndinatsokomola ngati ndachita dala. Ndinaweramira pafupi ndi singano kuti ndioneke katswiri, n'kupalasa ndi mphamvu zanga zonse. Makina anathamanga, ine osadziwa poimitsira. (Mpaka lero sindidziwa kuti mabuleki ake amakhala pati.) Ataima okha ndinati ndidzuke, koma khosi linakana. Tayi ndinali nditaisokerera pa jekete la madamu, ulusi utapiringizana pansi, chibwano changa chatsala pang'ono kugunda chitsulo.

"Salaam aleikum."

Chiweramire choncho, ndinangoona masandasi pakhomo. Ndinawazindikira.

"Awa ndi antchito anu?" madamu anandifunsa.

Che Jafali anayang'ana tepi yawo m'khosi mwanga, anayang'ana mapepala a banki m'manja mwa madamu, kenako anandiyankhira.

"Ayi, mayi, makinawo ndi anga. Awawa ndi a machaja."

Anatenga sizasi yawo yaikulu yodulira nsalu za masuti. "Musagwedezeke, achimwene." Ndinatsinzina. Khwepu! Pakhosi panangotsala mfundo yokha. Ndinadzuka n'kukaima pakona ngati mwana wolakwa m'kalasi, iwo akumasula ulusi wanga ndi lezala. Pasanathe mphindi khumi jekete linali bwinobwino, malo ong'ambika osaoneka n'komwe. Madamu analitembenuza uku ndi uku, analemba mzere wautali pa fomu yanga, n'kutulutsa ina yatsopano.

"Bambo, akaunti ya bizinesi muli nayo?"

Umo ndi mmene bonasi yanga inapitira kwa Che Jafali, ine ndikuonerera, mfundo ya tayi ili pakhosi. Che Jafaliwo anandipemphanso cholembera, ndipo ndinawabwereka.

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Khonde sanandilande. Chidutswa cha tayi anachisoka kukhala kapilo kobayapo mapini, moti ndikasuzumira m'shopu ndimakaona kali psuu pa makina. Kunena zoona, ndikamva za bonasi pa wailesi mtima umadumphabe, sindinachire kwenikweni.

Koma Lachisanu lotsatira Che Jafali anavala kachisoti kawo, anatuluka, anakoka chitseko, n'kukolekapo loko watsopano. Kiyi anaika m'thumba. Anandipatsa moni mwaulemu ngati kale, nauyamba wa ku mzikiti osanena kuti ndiwayang'anireko. Ndinakhala pakathebulo kanga ola lathunthu ndikuyang'anizana ndi loko ameneyo, ndipo anandipweteka kuposa tayi ndi bonasi yomwe.