Mthuthuthu wa Akamwini ndi Ulendo wa ku Kasungu

Sekani, sekani ndithu, mano ndi anu. Ndakumvani kale mukunong'onezana kuti agogo a nthochi aja akuti anayendetsapo njinga yamoto. Inu a kabaza a pa siteji pano, amene mukangofika pa Songani mumaimbira foni akazi anu kuti mwayenda bwino, mungandiuze chiyani za ulendo ine Nangondo? Zimitsani tinjinga tanuto, wokwera palibe. Amene akuti ndikunama akafunse chulu cha kuseri kwa sukulu chija, ngati angachipeze.

Nkhani inayamba ndi foni. Mwana wanga wotsiriza, Eneles, anakwatiwa ku Kasungu. Atachira mwana wake woyamba, wamwamuna, amene anandiimbira si iye ayi, koma apongozi ake, asewele anga aNaphiri, mayi wa mawu okoma ngati uchi koma mbola ili momwemo. Akuti, "Asewele, mlendo wafika. Mukabwera mchombo usanagwe, dzina mudzatcha ndinu. Mukachedwa, musadzatidandaule." Kunena kumeneko akuseka, podziwa kuti ine minibasi sindikwera. Sikuti ndimaiopa, koma mimba yanga inadana nalo fungo lake, ndikangoponda pakhomo pake zonse zimene ndinadya chaka chatha zimabwerera kudzandipatsa moni. Pamenetu dzina ndinali nalo kale. Yohane, la malemu amuna anga, bambo ake a Enelesyo, amene anatisiya asanamuone mwana wawo akukwatiwa. Ndinalisunga ngati chimanga cha mbewu chopachika kudenga, kudikira mvula yake.

Pakhomo panga pali akamwini, bambo a Pili, amuna a mwana wanga wamkulu Joyisi, ndipo ali ndi mthuthuthu wofiira umene anakautenga ku Mozambiki. Munthu waulemu kwabasi. Anatuma mkazi wawo kuti, "Auzeni amayi ndiwaperekeza." Ndinati, Joyisi, mutu wako ukuyenda bwino? Ine kukhala kumbuyo kwa mkamwini, kum'gwira m'chiuno kuchokera pa Domasi mpaka ku Kasungu, anthu a ku Malemia akuona? Munthu woti tikakumana panjira amapatukira m'chimanga mpaka ine nditadutsa? Abweretse makiyi, ndiyendetsa ndekha.

Kuphunzitsana kwake kunali kwa ulemu. Tinapita pa bwalo la kuseri kwa sukulu, iwo anaima kuseri kwa mtengo wa mango atandifulatira, Joyisi pakati, ine pa mthuthuthu. Iwo amati, "Auzeni amayi afinye cha kumanzerecho." Joyisi amati, "Amayi, akuti mufinye cha kumanzere." Ine kufinya. "Auzeni aponde giya." Ine kuponda. "Auzeni atulutse pang'onopang'ono." Ine pang'onopang'ono sindimudziwa, ndinabadwa wopanda, ndinangotaya chonse, ndiye chinthucho chinalira ngati chigayo cha dizilo n'kundinyamula, ndipo mawu oti buleki ili pati anali akadali m'kamwa mwa akamwini, asanafike ngakhale kwa Joyisi. Mukumva? Atafika kwa Joyisi, iye mawu ake ngochepa, injini inawameza. Akamwini akanatha kukuwa, koma mkamwini akuwira apongozi? Anangoyang'ana tsinde la mango n'kumapemphera.

Ine sindinatekeseke ngakhale pang'ono. Ndinaona chulu, ndinati ndizingochizungulira mpaka petulo athe, ndiye ndinazungulira, kuzungulira, dzuwa kukwera, dzuwa kupendeka, Joyisi amandipatsira chikho cha thobwa ndikamadutsa ndipo ndimam'bwezera chikhocho ulendo wotsatira, amayi a Mvano anabwera kudzachitira pompo zoyeserera nyimbo chifukwa woyambitsa ndine, ndimayambitsa mzere ndikadutsa, iwo amavomera ndili kuseri kwa chulu, mpaka ngumbi za m'katimo zitamva kugunda zinayesa mvula yafika, zinatuluka mwezi wa dzuwa loswa mtengo, mudzi wonse kuthamangira ndi malichero, ine ndemwe ndinawakha zodzaza duku ndi dzanja limodzi osatsika. Petulo atatha, chulu kunalibe. Tayala linachidya chonse. Pamene panali chulupo lero pali dziwe, ana amawedzapo makumba. Pitani mukaone, si kutali.

Basi ndinatsika, ndinati kuyendetsa ndadziwa, tsopano tikonze za ulendo. Munthu wanzeru sanyamuka ngati mbuzi yodula chingwe, ngati mmene mumachitira inu.

Chisoti cha akamwini sindikanavala, thukuta la mkamwini silifika pamutu pa apongozi. Anandigulira china pa Zomba, koma nditangochikankha pamwamba pa duku chinang'ambika pakati ngati papaya, chifukwa mutu uwu ngakhale sunapitirire sitandade thuu muli zinthu. Ndinatenga ndowa yanga yotungira madzi, wokhoma zidebe anaiboola maso awiri, chogwirira chake chinakhala lamba wa pachibwano. Thalauzi ndinavala la malemu, m'kati mwa zitenje ziwiri kuti a mpingo asayambe milandu. Tcheni ndinachidzoza mafuta a nsatsi, amene ndimathira m'miyendo yangayi ikamaphwanya, ndipo chinafewa mpaka chimazungulira chokha njinga itaima. Pampu ndinaiona yaulesi, ndinapopa matayala ndi pakamwa, pakamwa pomwepa pamene ndimaitanira ana ali kutsidya kwa mtsinje, ndipo mpweya unachuluka moti njinga inayamba kunyamuka, tinachita kuimangirira ku mtondo. Sipanala, zigamba, malegeni, chigubu cha petulo, zonse ndinazikulunga m'mphasa. Tsiku limenelo ndikananyamuka, pali Mulungu kumwambaku.

Koma munthu angachoke pamudzi osatsazika? Ndine mfiti?

Ndinayamba ndi nyumba ya pafupi, kwa aNachisale, ndikukankha mthuthuthu kuti petulo asathe. Anandiyalira mphasa, tinalonjerana, ana onse mmodzimmodzi, ndinanena za ulendo. Akuti, "Ku Kasungu? Ndiye mudutsa pa Liwonde. Mukam'siyire mwana wanga kampunga aka." Kampunga kake thumba. Ungakane? Nyumba yachiwiri ali ndi mlongo wawo pa Balaka, nkhuku ya thadzi. Yachitatu mdzukulu ku Ntcheu, mtolo wa nzimbe. Ena makaka, chinangwa chouma chija, opita ku Dedza, ena nyemba za kalongonda za m'bale wawo wa ku Lilongwe amene akuti akuwonda chifukwa chosowa zakwathu, ena bakha, ena mbuzi, ndipo a Gomani a ku Malosa anandipatsa chitseko chathunthu choti ndikasiye pa Mponela, akuti mwana wawo wamanga nyumba. Ine mapu sindiwadziwa, msewu ndinaudziwa ndi katundu, cha pamwamba n'chotsika msanga, cha pansi n'cha kutali, ndipo ndinamanga ndi malegeni mwaluso moti katunduyo anatalika kuposa bulugamu wa ku Mishoni, mtambo wochokera ku phiri la Zomba unakodwa pa nyanga ya mbuzi, mvula imagwa pa ine ndekha dziko lonse kuli gwa, mpunga wa m'thumba unamera, nzimbe zinaphuka, thadzi lija linaikira mazira pamwamba, linafungatira, linaswa, anapiye anakula osadziwa kuti pansi pali dothi. Mukumva? Mpungawo ndinakolola ndekha nditakwera makwerero, unatuluka matumba awiri, ndiye ndinachita kubwerera kwa aNachisale kukafunsa ngati mwana wa pa Liwonde alandire onse.

Apo m'pamene ndinaona vuto. Kutsazika kumasasa ngati thobwa. Pamene ndimamaliza nyumba yotsiriza ku Malosa, kwa aNachisale kunali kutabadwa mwana amene sindinam'tsazike, kwina kunali kutabwera mkamwini watsopano, kwinanso kunagwa maliro, ndipo maliro ali pamudzi munthu sanyamuka ulendo, mpaka mumete. Tikameta, ndiyambirenso pa nyumba yoyamba. Ndipo nyumba iliyonse, poona kuti sindinapite, imawonjezerapo kena.

Eneles anaimba. "Amayi, mchombo ukugwedera." Ndinati ika foniyo pamimba pa mwanayo. Ndinaulankhula mchombowo mofatsa, ndinati, iwe, gwira pomwepo, ukagwa ine ndisanafike tionana. Unagwira. M'mawa uliwonse ndimaukumbutsa, ndipo unagwira mwanayo mpaka kukhala, mpaka kukwawa, anamwino a kumeneko amabwera kudzauona n'kumagwira pakamwa. Kungoti tsiku lina netiweki inathawa chigwa chonse chino, mchombo unadikira mawu anga, sunawamve, unayesa ndamwalira, n'kugwa. Iwo kumeneko sanandiuze kanthu. Ndikaimba, Eneles amangoti, "Tili bwino amayi, konzekani bwinobwino."

Tsiku lonyamuka linafika ndithu. Kunacha bwino, kopanda maliro, kopanda wobadwa, aliyense ndam'tsazika ndipo kutsazikako kukadali kozizira. A mkulu wa mpingo anapempherera matayala onse awiri. Akamwini, ali kuseri kwa nkhokwe, anatumiza mawu kuti buleki ili ku phazi lamanja, ndipo nthawi imeneyi mawuwo anafika. Ndinavala ndowa yanga, ndinakwera, ndinaponda, mthuthuthu unalira bwino ngati mphaka wokhuta. Ndikuti ndiponde giya, ndikuona pa maso a ndowa paja anthu atatu akubwera m'kanjira ka kuchokera ku msewu. Kutsogolo Eneles ndi chikwama pamutu. Pambuyo asewele anga aNaphiri, ndi ambulera. Pakati kamwamuna kakuyenda ndi miyendo yake, mano ali mbuu, kakutafuna nzimbe.

Ndinazimitsa injini. Mlendo salandiridwa uli pa njinga.

ANaphiri anagwada bwinobwino, akuti, "Asewele, tabwera kudzaona ngati muli moyo. Tinamva kuti mukunyamuka."

Ndinati, "Mwandipeza ndili pa ulendo, asewele. Mukanachedwa pang'ono tikanasemphana."

Kamwanako kanabwera, kanagwira tayala, kanandiyang'ana m'maso a ndowamo osaopa. Chipumi cha malemu Yohane chenicheni, ngakhale kaimidwe, dzanja kumbuyo. Ndinavula ndowa. Dzina lija linafika pakamwa, ndinalimva kulemera pa lilime, koma ndinayamba ndafunsa, monga mwa mwambo. Ndinati, bambo, dzina lanu ndani?

Akuti, "Dikilani."

ANaphiri akuyang'ana pansi, akusalaza chitenje pa bondo. Akuti, "Dikirani, asewele. Anthu akafunsa dzina timati dikirani, agogo ake akubwera. Mawa lake dikirani. Mwezi wotsatira dikirani. Mpaka tsiku lina tinati dikirani, mwana n'kutembenuka."

La Yohane ndinalimeza. Linatsika mowawa, sindikubisa, koma mwana akavomera dzina sum'landa. Ndinam'nyamula, ndinam'khazika pa thanki, ndinam'zungulitsa bwalo la pakhomo kamodzi, bwinobwino, ndipo ndinaima ndi buleki pamaso pa asewele penipeni, fumbi lokha n'kuwathira pa ambulera.

Ndiye inu mukuti agogo sanafike ku Kasungu. Kukatani? Kasungu anatopa kundidikira, anabwera yekha pakhomo panga wapansi. Ndipo dzinalo tandiuzani, anatcha ndani? ANaphiri analitola pati ndikanapanda ine? Iwo anangotsegula pakamwa, mwini dzina ndine, ndinatcha mwana wa ku Kasungu ndili pa Domasi pompano, tayala osaponda tala ngakhale kamodzi. Inu ndi tinjinga tanuto, mwatha matayala angati, ndipo munatchapo mwana wa ndani? Iwe wa jekete yofiira, nthochi wadya ukumvetserayo ndaiona.